Ayutthaya, mzinda wa pakati pa mitsinje itatu

Chigawo cha Ayutthaya, chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok m'dziko la Thailand, ndi chigwa chachonde cha minda ya mpunga, ndipo mzinda wake wakale unazunguliridwa ndi mitsinje ya Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi. Mitsinjeyi inkabweretsa zombo za amalonda a ku China, Portugal ndi Japan, komanso inkatchinga adani, mpaka asilikali a ku Burma anautentha mzindawo mu 1767, utakhala likulu la Siam (dzina lakale la Thailand) kwa zaka zoposa 400. Kwa ine, chimene chikuopseza mabwinja ake masiku ano ndi madzi omwewo, pakuti mu 2011 anasefukira n'kulowa m'makachisi amene bungwe la UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe) linawaika m'gulu la malo otetezedwa mu 1991.