Fainolo ya 2026 ikanapita ku Azteca

Anzanga okonda mpira, mwawaona mabwalo a World Cup ya 2026? Mayiko atatu, mizinda 16. United States yatenga 11, Mexico itatu, Canada iwiri yokha, Toronto ndi Vancouver. Matimu 48, masewero 104.

Ine chondiwawa n'chimodzi. Masewero otsegulira pa 11 June ali pa Estadio Azteca ku Mexico City, pomwe Pelé ananyamulira chikho mu 1970, Maradona n'kudzanyamuliranso pomwepo mu 1986. Koma fainolo ya pa 19 July aipititsa ku MetLife Stadium ku New Jersey, bwalo la mpira wa ku America uja wothamanga nawo m'manja. Apatu FIFA yayang'ana thumba, osati mbiri. Ngakhale kapinga wake ndi wapulasitiki, mpaka achite kuyala weniweni. Dzina nalo alisintha kukhala New York New Jersey Stadium, poti FIFA salola mayina a makampani omwe si othandiza mpikisanowu.

Nanga maulendo? Kuchoka ku Vancouver kukafika ku Miami ndi makilomita oposa 4,000. Ku Mexico City n'kokwera mamita oposa 2,200, mpweya ndi wochepa, wosazolowera akangothamanga pang'ono ali wefuwefu, manja m'chiuno. Kutentha nakonso sikuseka ndi munthu. Ku Dallas, Houston ndi Atlanta kuliko bwino poti mabwalo ali ndi denga lotseka, koma opita ku Monterrey ndi Kansas City dzuwa alimva ndithu.

Inu fainoloyi mukanaiika kuti?