Rejisitala yanga imatsata mwezi

Ndaphunzitsa Sitandade 5 kwa zaka 9 pa sukulu ina ya boma m'mbali mwa nyanja, chakufupi ndi Monkey Bay. Chimene ku koleji ya uphunzitsi sanatiuze n'chakuti kuno rejisitala imayenda ndi mwezi, wakumwamba uja. Ukawala, anyamata amadzaza mpaka pakhomo. Ukalowa mdima, ndimaitana mayina ngati ndikuitana mizimu.

Kwa inu a kumtunda ndifotokoze. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Dzuwa likalowa maboti a ukonde wa chilimira amanyamuka, siginala, amene ntchito yake ndi kukopa nsomba, ali m'bwato ndi nyali zake (masiku ano ambiri ndi mababu a batire), usipa ukaunjikana pa kuwalako amauzinga ndi ukonde. Mwezi ukakhala wathunthu nyali sizikoka nsomba, ndiye asodzi amapuma n'kumasoka maukonde. Ntchito yeniyeni ili pa mdima. Anyamata okulirapo amalowa nawo pa nyanja. Aang'ono amalawirira ku doko kunyamula ndowa ndi kuyanika pa thandala, atsikana ali pa moto kufutsa usipa kapena kugulitsa zitumbuwa kwa obwera kumene. Ikamakwana 7:30 ena abwera, inde, koma maso ali psuu, manja akununkha nsomba, ndipo phunziro lachiwiri lisanathe mutu uli pa mawondo.

Poyamba ndinkakalipa. Tsiku lina ndinapita kwa bambo wa mnyamata amene anajomba sabata yathunthu. Ndinawapeza pansi pa mtengo, ukonde uli pamiyendo. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati: "Aphunzitsi, mawu anu ndawamva. Koma mwana wa achimwene anga analemba Folomu 4, lero tikukoka naye chilimira chomwechi. Uyu ndimuuze kuti akapeza chiyani?" Ndinayankha zimene aphunzitsi timayankha, za tsogolo, za unesi ndi usilikali. Pobwerera ndinadziwa kuti sindinawayankhe.

Funso lawo lili ndi mutu. Mwana akalimbikira mpaka Sitandade 8 amalemba mayeso a MANEB aja a PSLCE, koma kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri. Malo a Folomu 1 ndi ochepa. Amwayi ochepa kwambiri amapita ku sukulu zogonera komweko, ambiri mwa osankhidwawo amagwera ku CDSS, sekondale zoyendera za m'madera, zimene mpaka 1998 zinali ma DEC (Distance Education Centres), ndipo ena sawapeza pa ndandanda uliwonse. CDSS ikatalika, mtsikana amachita lendi kachipinda ndi anzake, kumadziphikira yekha, pafupi ndi doko pamene mnyamata wa zaka 19 amagwira ndalama m'mawa uliwonse. Zotsatira zake amayi a mother group amazidziwa kuposa ine. Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka lilipo kuyambira 1993, koma amene ndawaona atabwereradi ndingawawerenge ndi dzanja limodzi.

Ineyo ndine mwana wa 1994, chaka chimene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo, pansi pa mtengo wa mango, ndi sileti yobwereka. Popanda zimenezo bwenzi ndili pa thandala. Choncho sindinyoza sukulu yaulere. Koma chitseko chinatsegulidwa chachikulu, makalasi ndi aphunzitsi n'kumatsatira pang'onopang'ono, ndipo mpaka lero sanafike.

Ndiye pali nkhani ya chilankhulo, imene imagwera pa mutu panga ndendende. Kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 timaphunzitsa m'Chichewa, pa 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi. M'kalasi mwanga muli ana olankhula Chiyao kunyumba, ena Chitonga poti makolo awo anachokera ku Nkhata Bay kutsata usipa, ena masana amapita ku madrasa kukawerenga Chiarabu. Mwana wotere Chingerezi ndi chilankhulo chake chachitatu kapena chachinayi, ndipo akumana nacho ali ndi tulo. Ambiri amene amasiya sukulu amasiyira m'manja mwanga, ndipo zimandiwawa.

Nthawi zina ndikapita ku Chembe, ku Cape Maclear, ndimadutsa pa manda a amishoni aja. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anatsegula sukulu, malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881. Sukulu inayamba kale kuno kusiyana ndi madera ambiri a dziko lino, komabe tikukambabe zokopa ana ndi phala. Phalalo limagwira ntchito, musanamizidwe: nkhuni zikasowa osaphika, mawa lake kalasi imachepa. Mafumu nawonso anaika chindapusa kwa kholo limene mwana wake apezeka ku doko nthawi ya sukulu. Chimagwira sabata ziwiri, kenako usipa ukachuluka aliyense amayang'ana kumbali.

Chimene ndasintha ine ndi chaching'ono. Pa khoma la kalasi ndinapachika kalendala yosonyeza mwezi, ndipo mayeso a pakati pa teremu ndimawaika sabata imene ukuwala. Masamu ndimawerengetsa ndi zigoba za usipa. Mnyamata uja, amene pa Chingerezi satsegula pakamwa, ndikamufunsa kuti zigoba 14 mwini ukonde akatenga theka, otsala n'kugawana anthu 7, amayankha ndisanamalize kulemba pa bolodi. A hedi atazindikira za kalendalayo anaseka, nati ndisawauze a PEA, mlangizi wa sukulu za m'dera lathu, kuti ndikuyendera nyenyezi. Mwezi uwala Lachinayi likubwerali, ndipo mapepala a mayeso ndasindikiza kale 96.