Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: matimati osapsa aja

Ulendo watha ndinalekezera pomwe ndinafika ku Turku, mzinda wa ku Finland, ndi jekete yanga ya pa kaunjika yomwe ndinkati ndi yotentha, mpaka Novembala anabwera kudzandiyalutsa. Lero ndikamba za maso angawa, koma kuti nkhani imveke tibwerere kaye ku Mchinji ndili ndi zaka 9.

Amayi akandituma matimati kumsika, aliyense pakhomo ankadziwiratu kuti madzulo kuli kulira. Ndimapita bwinobwino, kusankha mulu womwe ndauona kuti ndi wakupsa, kufika kunyumba amayi kumasula jumbo nde theka lonse losapsa. "Iwe, maso akowa ndi okongoletsera nkhope basi?" kenako mthiko pamsana. Azimayi ogulitsa aja anali atanditulukira, ankandikodola ndikadali kutali. Ine ndinakula nditavomereza kuti ndine wosasamala, nanga nkanati chani.

Nde ku Finland kuja m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo nditagwa panjinga kawiri sabata imodzi ndinayamba mantha kuti mwina sindiona mumdima. Adokotala anati tiyeni tipime, ananditumiza ku chipimo china chotchedwa ERG, choyesa momwe diso limayankhira ku kuwala.

Chipimo chimenechi aise. Amakudontheza mankhwala m'maso kuti kamwana ka diso katseguke, kenako akukhazika m'chipinda cha mdima wa ndiweyani kwa maminitsi 20, foni osayatsa. Akatero amakuika kawaya kopyapyala ngati tsitsi m'chikope cha m'munsi, tina timawaya kumata pachipumi, iwe chibwano pa kachitsulo kuyang'ana m'chinthu chonga beseni loyera, basi kuwala ng'ani, ng'ani, pa kompyuta nkumatuluka kamzere kotsika kaye pang'ono kenako nkukwera phiri. Anesi ake anali mayi wachikulire wocheza, ndipo mumdima muja pofuna kundichotsa mantha anandifunsa ngati ndinamvapo za Ragnar Granit. Ndinati ayi. Anati kamzere kameneka amene anakamasulira ndi munthu wakwathu, ndipo "wakwathu" ameneyo anamutchula mwa mtundu wina wake, ngati momwe Mtumbuka amatchulira mnzake akakumana ku Limbe.

Apa mpomwe ndinazindikira chinthu chomwe ndinkachiona tsiku lililonse osachimvetsa. Zikwangwani za misewu ku Turku zili ndi mayina awiriawiri, mzinda womwewo ena amati Åbo, Helsinki amati Helsingfors. Ku Finland kuli anthu pafupifupi 5 pa 100 aliwonse omwe chiyankhulo cha makolo awo ndi Chiswidishi, si alendo ayi, ndi eni dziko kuyambira kalekale. Anesi aja anali mmodzi wa iwo, Granit nayenso.

Usiku umenewo maso akadali mbuu ndi mankhwala aja ndinayamba kumufufuza, ndipo ndinakhala naye miyezi. Anabadwa pa 30 Okotobala 1900, nthawi imene Finland inali pansi pa Russia, anakulira ku Helsinki, kuphunzira sukulu ya Chiswidishi, nkumaliza za udokotala mu 1927. Mu 1928 anapita ku Oxford kwa Charles Sherrington, katswiri wa mitsempha wa nthawiyo, kenako ku Philadelphia. Mu 1933 anasonyeza, poyesa amphaka, kuti kamzere kaja sikamodzi koma ndi zigawo zitatu zosanjikizana zochokera mbali zosiyana za retina, kansalu kakumbuyo kwa diso kaja. Chomwe chinandizunguza mutu ine nchakuti iye anapeza kuti kuwala sikumangodzutsa mitsempha ya m'diso, kumathanso kuitontholetsa ina. Ndiye kuti diso silingotumiza chithunzi ku ubongo ngati kamera, limayamba lasankha, ichi chipite ichi chikhale. Retina ndi kachidutswa ka ubongo komwe kanatuluka panja kukasuzumira.

Koma mbali yomwe inandikhudza ineyo ndi ya mitundu. Kuyambira m'ma 1800 Thomas Young ndi Helmholtz anali ataganiza kale kuti diso liyenera kukhala ndi tolandirira ta mitundu itatu, koma anali maganizo chabe. Granit, pamodzi ndi womuthandiza wake Gunnar Svaetichin, anapanga kawaya kakang'ono zedi kotha kumvetsera mtsempha umodzi wokha m'diso la chule, nkumauwalitsira kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana. Mitsempha ina imayankha ku kuwala kulikonse, ina imasankha, uwu wofiira wokha, uwu wobiriwira ngati msipu, uwu wobiriwira ngati thambo. Mwaona vuto la Chichewa chathu, mitundu iwiri dzina limodzi, mwina makolo athu nawonso ankagula matimati osapsa.

Zotsatira zanga zitabwera adokotala anati ERG ili bwinobwino, mumdima ndimaona ngati wina aliyense, kugwa kuja unali chabe ayezi wa mumsewu ndi matayala akutha. Koma asanandilole kupita anatulutsa kabuku ka Ishihara, ka timadontho tamitundumitundu. Tsamba loyamba ndinawerenga 12 monyada. Lina ndinati 21, iwo anangomwetulira, kunali 74. Masamba ena ndinkangoona ngati mikanda yomwazika. Anati achimwene, zofiira ndi zobiriwira inu simuzisiyanitsa bwino, munabadwa choncho, mankhwala ake palibe, ndipo kawirikawiri mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake. Ndili ndi zaka 31 ndinatuluka m'chipinda muja ndikuseka ndekha ngati wamisala, misozi ili mbwee.

Tibwerere kwa Granit uja pang'ono. Mu 1937 anakhala pulofesa ku Helsinki, koma nkhondo ya ndi Soviet Union itabuka kumapeto kwa 1939 anasiya achule ake nkukakhala dokotala wa anthu ku zilumba za Korpo, kwawo kwa makolo ake. Mu 1940 yunivesite ya Harvard ya ku America inamuitana, sukulu ya za udokotala ya Karolinska ya ku Stockholm nayo inamuitana, anasankha Stockholm, kutsidya kwa nyanja chabe, komwe amayankhula chiyankhulo cha amayi ake. Kumeneko anadzasiya za maso nkuyamba za momwe ubongo umalamulira minofu. Mphoto ya Nobel inamupeza mu 1967 limodzi ndi Haldan Keffer Hartline ndi George Wald a ku America, pa ntchito yomwe mbali yaikulu anaiyambira ku Finland koma ali kale nzika ya Sweden. Mpaka lero mayiko awiriwa amamulimbirana, ndipo mwini wake ankati mphotoyo igawidwe pakati. Ine wobadwira ku Chipata wokulira ku Mchinji, amene uku amanditi wa ku Zambia uko amanditi wa ku Malawi, izi ndinazimva mpaka m'mafupa. Anamwalira ku Stockholm pa 12 Malichi 1991, koma anakamuika ku Korpo.

Julayi wotsatira ndinakwera basi kupita ku Korpo konko ndi mnzanga wa m'kalasi. Basi imakwera pantoni kawiri, kuchoka ku Pargas kupita ku Nagu, kenako Nagu mpaka Korpo, ndipo pantoni zake nzaulere, ine ndinali nditakonzeratu ndalama m'manja ngati wa kumudzi. Kuli tchalitchi chakale cha miyala, nyanja mbali zonse, matanthwe okhaokha, ndipo dzina loti Granit m'Chiswidishi ndi dzina la mwala wolimba womwewo. Titachoka kumanda mnzanga uja anaima pambali pa njira nkuyamba kutola timasitiroberi ta kutchire, akuti tadzaza apa taona kufiira kwake. Ine ndinawerama mpaka mphuno kufika mu udzu, osaona ngakhale kamodzi, mpaka anachita kundigwira chala nkukagunditsa.

Amayi ndinali ndisanawauze miyezi yonseyi, kaya ndinkaopa chani. Ndinawaimbira tili pa pantoni pobwerera, mphepo ili kuu, ndikufuula. Ndinawalongosolera zonse, za kabuku ka madontho, za 74, mpaka zoti ndinatengera kwa iwo. Anakhala chete kanthawi nde anati, "Nchifukwa chake malume ako ankathyola mango aawisi chaka ndi chaka, ife kumati ndi dyera." Ndinati nde amayi mthiko uja bwanji, simupepesa? Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Pepa mwanawe. Koma ndalama za matimati zija zinapitabe."