Mmene tinayendera chipululu cha Namibia awiriwiri, kuchokera ku Sesriem mpaka ku Ai-Ais

Tisananyamuke tinalimbana kaye ndi amuna anga pa nkhani ya koyambira. Iwo ankafuna kuti tikangotera ku Windhoek tilunjike kum'mwera, tikaviike thupi m'madzi otentha a ku Ai-Ais, za mchenga tidzazione pobwerera. Ine ndinakanitsitsa. Munthu amasamba akaweruka kuntchito, ndiye tikasambe kaye kenako tikagubuduke m'fumbi? Anagonja, tinayamba ndi mapiri a mchenga, akasupe n'kukhala otsekera.

Tinasankha mwezi wa June. Nthawi imeneyi dzuwa la masana limapiririka, koma usiku kumazizira mpaka m'mafupa, choncho majuzi ndi zipewa musasiye. Galimoto tinabwereka ya 4x4 yokhala ndi tenti padenga. Poitenga musathamangire kusaina. Ife tinatha ola lathunthu pabwalo la kampaniyo, mnyamata wa pamenepo akutionetsa pamene pamakhala jeke, mmene tayala lapadera limatsitsidwira, ndi mmene pampu ya mpweya imalumikizidwira ku batire. Matayala apadera tinapempha awiri. Mufunsenso ngati inshuwalansi ikuteteza matayala ndi galasi lakutsogolo, chifukwa zimenezi ndi zimene misewu ya miyala imayamba kudya, ndipo kawirikawiri zimalipiridwa padera.

Panjira tinadziikira malamulo ochepa. Paliponse pogulitsa mafuta tinkadzaza thanki, ngakhale ili pa theka. Pa Solitaire, kamalo kakang'ono kali pakati pa chipululu, aliyense wodutsa amaima pa chifukwa chomwechi. Madzi akumwa tinkayenda nawo malita 20 osachepera. Netiweki ya foni imasowa kwa maola, ndiye mapu tinali nawo apapepala. Pa msewu wa miyala sitinkapyola makilomita 80 pa ola, ndipo dzuwa likalowa galimoto inkakhala itaima, chifukwa nyama zimadumphira mumsewu mosayembekezereka.

Ku Sesriem malo ogona tinasungitsa kudakali miyezi ingapo, ndipo panali chifukwa. Polowera m'paki ya mapiri a mchenga pali zipata ziwiri. Chakunja chimatsegulidwa dzuwa likamatuluka, pamene chamkati chimatsegulidwa kutatsala ola limodzi kuti lituluke. Amene wagona pakati pa zipatazi ndi amene amafika pa mchenga kusanache. Chiphaso cholowera m'paki tinagula madzulo titangofika kuti m'mawa tisataye nthawi. Dzina loti Sesriem ndi la Chiafrikaans, limatanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa, zimene anthu akale ankazilumikiza kuti chidebe chifike pa madzi a m'chigwa chili pafupi.

Kuchokera pachipata, msewu wa tala umayenda makilomita pafupifupi 60. Pa makilomita 45 pali phiri la mchenga lotchedwa Dune 45, dzinalo likuchokera pa mtunda womwewo. Ukaliona uli pansi umati ndilikwera pompano. Phazi likapita patsogolo, mchenga umalibweza theka. Chimene chinandithandiza ndi kuyenda pamsana penipeni pa phirilo n'kumaponda m'mapazi a amene ali patsogolo, poti pamenepo mchenga umakhala utatsenderedwa kale. Dzuwa litatuluka mbali imodzi inafiira ngati makala, inayo ili bii, mzere wolekanitsa uli wowongoka ngati wodula ndi mpeni.

Tala akatha pamatsala makilomita 5 a mchenga wokhawokha. Pali magalimoto onyamula anthu amene sakufuna kudzivutitsa, koma amuna anga anati ayendetsa okha.

"Bambo, matayala aja mwaphwetsako?" ndinafunsa.

"Mayi, inu khalani phee, galimotoyi ndi yamphamvu."

Sitinapite patali. Anachepetsa liwiro pamalo pamene mchenga unali wakuya, galimoto n'kukhala pansi. Atapondanso mafuta, matayala anangodzikumbira dzenje. Apa mpamene ndinaphunzira dongosolo lake. Choyamba, siyani kuponda mafuta. Phwetsani matayala onse anayi afike cha pa 1.5 bar (muyeso wa mpweya wa m'tayala) kuti aphwanthalale, agwire mchenga wambiri. Fukulani mchenga kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse, ikani giya yamphamvu ya 4x4, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono m'mizere imene munabwera nayo, kenako nyamukani ndi liwiro losasinthasintha. Zinatitengera theka la ola, ine ndikufukula ndi mbale. Mawu oti "ndinanena" ndinawameza, ngakhale anali pakamwa penipeni. Mukabwerera pa tala musaiwale kupopanso matayalawo.

Kuchokera pamene magalimoto amathera, ku Deadvlei amayenda wapansi, mtunda woposa pang'ono kilomita imodzi. Ndi bwalo la dothi loyera long'ambikang'ambika, lozunguliridwa ndi mchenga wofiira, ndipo m'kati mwake mwaima mitengo yaminga yakuda yopanda tsamba. Inamera pamene mtsinje wa Tsauchab unkafikitsa madzi pamenepo. Mchenga utatseka njira ya madziwo inafa, zaka zoposa 600 zapitazo, koma kuuma kwa malowo kwaikaniza kuola. Kuigwira kapena kuikwera n'koletsedwa. Pambali pake pali phiri la mchenga la Big Daddy, lotalika mamita oposa 300. Tinangoliyang'ana, miyendo inali itakana. Pofika 10 koloko mchenga unayamba kuwotcha, tinathawa.

Ulendo wa kum'mwera tinaudula pawiri, n'kugona ku Aus. Pafupi ndi pamenepo, pa Garub, pali malo omwera mahatchi a m'tchire amene akhala m'chipululumo kwa zaka zoposa 100. Tinawapeza ataima chilili padzuwa, osatilabadira n'komwe.

Ku Fish River Canyon amalowera pa Hobas, ndipo poonera pake penipeni pali makilomita 10 kuchokera pamenepo. Nthaka imakhala yosalala, kenako mwadzidzidzi yatha, pansi pali phompho. Chigwachi n'chotalika makilomita pafupifupi 160, ndipo malo ena n'chakuya mamita 550. Wobwera kudzangoona saloledwa kutsikamo. Otsika ndi okhawo olembetsa ulendo wapansi wa masiku anayi kapena asanu, umene umaloledwa kuyambira May mpaka pakati pa September, ndipo amafunika kukhala atatu kapena kuposa, aliyense ndi kalata ya dokotala. Ife poti tinali awiri, nkhaniyo inathera pomwepo, mumtima ndikuthokoza.

Msewu wa ku Ai-Ais umatsetsereka mokhotakhota pakati pa mapiri a miyala mpaka kukafika m'mbali mwa mtsinje. Dzinali ndi la chinenero cha Nama, ndipo limanena za kutentha kowotcha kwa madziwo. Pamene amatumphukira amakhala cha pa madigiri 60, moti simungaikemo dzanja. Osambamo ndi a m'maiwe omangidwa, ena m'nyumba ena panja, mmene amakhala atazizirako. Lowani pang'onopang'ono, khalanimo mphindi 15 kapena 20, tulukani mumwe madzi, kenako mubwereremo. Amuna anga anakhalitsamo tsiku loyamba, potuluka chizungulire chinawagwira mpaka anakhala pansi. Chakudya musasiye poyera, ndipo galimoto muzikhoma, anyani a pamenepo alibe manyazi.

Madzulo a tsiku lachiwiri tinali m'dziwe lapanja pamene gulu la oyenda pansi aja linatulukira kuchokera m'chigwa, zikwama kumsana, fumbi mpaka m'nsidze, ena akutsimphina. Mmodzi anavula nsapato n'kuviika mapazi a matuza m'madzimo, maso ali tsinzinu. Amuna anga anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, tikanayambira kuno, mchenga uja tikanakausambira kuti?"

Ndinangowapatsira botolo la madzi.