Mmene ndinabayitsira ma filler m'masaya, kuyambira tsiku lokafunsa mpaka kutupa kutatha

Chinandiyambitsa ndi chithunzi. Makwinya ndinali nditawazolowera kale, sankandivuta, koma mnzanga anandijambula ndili chammbali ndikuseka ndiye nditachiona ndinangoti kakasi, masaya anga apita kuti? Ndili ndi zaka 44 ndipo ndinachepetsa thupi makilo 11 m'chaka chimodzi, mwadala, thupi lonse linapepuka bwinobwino koma nkhope ndi imene inaphwa. Anthu anayamba zondifunsa kuti mukudwala kodi, ena mwatopatu lero, olo tsiku loti ndagona tulo tokwanira. Nde ndinati basi ndikafunse za ma filler aja.

Choyamba ndikuuzeni, filler si Botox, ine ndinkaziphatikiza. Botox amafooketsa minofu kuti isamakwinyike, nchifukwa chake amabaya kwambiri pachipumi. Filler ndi zinthu zangati jeli zomwe amaziika pansi pa khungu kuti zidzaze pomwe paphwa. Ntchito zake nzosiyana, kuopsa kwakenso nkosiyana.

Ndinaimba malo atatu. Oyamba aja ndinangofunsa funso limodzi lomwe ndinali nditawerenga, kuti kodi hyaluronidase muli naye pompo? Amene anayankha foniyo anati chani chimenecho, kenako anati musadandaule sizinalakwikepo. Ndinathokoza nkudula. Hyaluronidase ndi mankhwala osungunula filler wa hyaluronic acid zinthu zikavuta, ndiye malo obaya anthu kumaso osamudziwa nkomwe, ayi ine ndinaopa. Achiwiri anafuna kundibaya tsiku lomwelo osandiona kaye. Achitatu anati bwerani tizangocheza, jakisoni ndi tsiku lina, ndipo ndi komwe ndinapita.

Ndinalowa ndili ndi pulani yanga kale. Ndinkafuna andidzazire mizere iwiri ija yochoka pamphuno kutsikira kumapeto a milomo, chifukwa ndi imene ndinkaiona pagalasi m'mawa uliwonse. Adokotala anandipatsa kagalasi, nkuika chala pamwamba pa tsaya langa pafupi ndi fupa, nkukankhira mmwamba pang'ono chabe. Mzere uja unachepa pomwepo ndikuona. Anati, "Mayi, mwaona? Vuto silili pamzerepo, lili kumtunda kuno." Anandifotokozera kuti mafuta a kumaso si chinthu chimodzi, ali m'timagawo, ndipo tikamakula tina timaphwa tina timatsetsereka kutsika, mafupa a nkhope nawonso amachepa pang'onopang'ono makamaka mozungulira maso ndi nsagwada, collagen, amene amalimbitsa khungu, nayenso akutha, ndiye khungu limasowa pogwira nkudzaunjikana pamzere paja. Ukangodzaza mzerewo osakweza tsaya, pakamwa pamalemera, munthu nkumaoneka ngati wasunga chinachake m'kamwa. Zimenezitu ndinali nditaziona pa anthu ena koma sindinkadziwa kuti chalakwika nchani.

Kenako nkhani ya mitundu. Wofala kwambiri ndi hyaluronic acid, monga Juvéderm ndi Restylane, Restylane uyu bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linamuvomereza mu 2003 nde si zachilendo. Hyaluronic acid mthupi mwathu alimo kale, ntchito yake nkusunga madzi, ndipo amati filler wake amakhala miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu ndi malo obayidwa, pamilomo amatha msanga chifukwa pamayendayenda. Palinso Radiesse wa calcium hydroxylapatite, ndi Sculptra wa poly-L-lactic acid amene sadzaza pompopompo koma amadzutsa collagen wako pang'onopang'ono kwa miyezi. Sculptra uyu anandidabwitsa, poyamba mu 2004 FDA inamuvomereza kuti azithandiza anthu omwe ali ndi HIV amene masaya awo analowa mkati, zokongoletsa zinabwera pambuyo. Koma awiriwa hyaluronidase sawasungunula, ukadana nazo umangodikira. Ine munthu woyamba kumene ndinasankha zofufutika.

Mafunso anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndine woyembekezera kapena ndikuyamwitsa? Pamenepo sabaya. Ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi? Ndimatuluka timatuza pamilomo? Chifukwa singano imatha kutidzutsa makamaka ukabayitsa milomo, ndipo ena amapatsidwa mankhwala asanabaye. Ndili ndi matenda oti chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi lomwe? Ndikachekeka chipsera chimatukuka? Funso ili analikhalira pang'ono chifukwa ife akhungu lakuda ena timachita zipsera zotukuka komanso pobayidwa pamatha kutsala kadontho kakuda, ndiye anati achepetsa mabowo. Anafunsanso za mano, ine kudabwa, mano akukhudzana bwanji? Akuti ukakonzetsa mano pafupi ndi tsiku lobaya tizilombo ta m'kamwa titha kukafika pa filler, ndiye pasiyane masabata awiri mbali zonse.

Chomwe chinanditsitsa mtima pansi nchoti sanabise zoopsa. Kutupa ndi kuda pobayidwa ndi zawamba. Choopsa chenicheni ndi filler kulowa mumtsempha wa magazi nkuutseka, khungu la pamenepo limasowa magazi ndipo litha kufa ngati sanasungunule msanga, ndipo mwa apo ndi apo zikafika ku mtsempha wa diso munthu amatha kuchita khungu. Malo oopsa kwambiri ndi pamphuno ndi pakati pa nsidze. Sizichitikachitika, koma ndinasaina pepala ndikudziwa. Anandiuza zizindikiro, ululu woopsa wosafanana ndi kubayidwa, khungu kuyera kapena kuchita mawangamawanga, malowo kuzizira, maso kuchita chidima. Ukaona chimodzi osadikira kuti kuche, imba nthawi yomweyo, ndipo anandipatsa nambala yoyankha usiku womwe.

Sabata yokonzekera inali yosavuta. Ndinasiya ibuprofen, aspirin ndi makapisozi a mafuta a nsomba chifukwa zimawonjezera kutuluka magazi pansi pa khungu, mowa ndinasiya tsiku limodzi lisanafike. Koma chonde ngati aspirin wanu anakulemberani adokotala chifukwa cha mtima osangomusiya nokha, funsani kaye.

Tsikulo ndinapita nkhope ili yosadzola kanthu. Anesi anandijambula kutsogolo, kumanzere, kumanja, zithunzi zoipa kwambiri pamoyo wanga kkkk, kenako kupukuta nkhope ndi mankhwala ozizira, kudzoza kirimu wa dzanzi nkudikira mwina mphindi 20. Adokotala analemba timizere pamasaya ndi pensulo yoyera ine nditakhala tsonga, chifukwa ukagona nkhope imabwerera m'mbuyo nde sungaone pomwe pagwa. Bokosi anatsegula ndikuona, kundionetsa dzina, tsiku lothera ntchito ndi nambala yake. Sirinji imodzi ndi 1 ml basi. Kasupuni kakang'ono kaja kamalowa 5 ml, ndiye taganizani, ine ndinabayidwa 2 ml nkhope yonse, olo theka la kasupuni silinakwane. Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti zonsezi ndi zimenezi?

Kuwawa kwake sikwenikweni. Singano yoyamba inalowa mpaka ndinaimva ikugunda fupa, osati ululu koma kaphokoso kena mkati mwa mutu komwe sindidzakaiwala, kenako kumva kuthina ngati wina akukankha ndi chala kuchokera mkati. Atatero anaboola kabowo kamodzi nkulowetsa cannula, ndi ngati singano yaitali koma yosasongoka, imayenda pansi pa khungu kumakankha mitsempha m'malo moiboola. Iyi ndiye imanyansa kumva kwake, umaimva ikuyenda. Bola mu filler momwemo muli lidocaine ndiye pakapita kamphindi tsaya lonse limachita dzanzi. Ankabaya pang'onopang'ono uku akuyang'ana mtundu wa khungu, nkumandifunsa kuti Mayi muli bwanji, mukuona bwino? Atamaliza mbali imodzi anandipatsa galasi. Mbali yobayidwa inkaoneka ngati ine wa zaka zingapo zapitazo, inayo ngati ine wa m'mawa uja, nkhope imodzi. Kubaya konse sikunapitirire mphindi 30.

Malamulo opita nawo kunyumba anali oti osagwiragwira, osadzola zopakapaka mpaka mawa, osachita majimu kapena kulowa sauna masiku awiri, kugona chagada mutu uli pamwamba, ayisi wokulunga m'kansalu ngati patupa, ndipo pakawawa paracetamol. Zogona chagada zija ndinalephera usiku woyamba womwe, ndinadzuka nditagonera tsaya lakumanzere mtima uli phaphapha.

Tsiku lachiwiri ndi limene palibe anandikonzekeretsa mokwanira, olo ananena. Ndinadzuka masaya ali tutumu, lakumanja lalikulu kuposa linzake, ndinayang'ana pagalasi nkuyamba kulira kuti ndadzipanga chani ine. Hyaluronic acid amakoka madzi, kuphatikiza kutupa kwa singano, nde masiku oyamba zomwe ukuonazo si zenizeni. Ndinatumiza chithunzi, anesi anandifunsa za ululu ndi mtundu wa khungu, zonse zili bwino, anati Mayi dikirani. Tsiku lachitatu panatuluka kuda pansi pa tsaya kukula ngati chikhadabo, kunatha patapita sabata. Ndinkamvanso kachotupa kolimba ndikakhudza, ngakhale anandiletsa kukhudza, kenako kanafewa kokha cha m'ma tsiku la 10.

Patatha masabata awiri ndinabwerera kuti akandione. Anaika zithunzi zakale ndi zatsopano pamodzi ndipo apa mpamene ndinaona kusiyana, chifukwa diso limazolowera msanga, ine ndinali nditayamba kale kuganiza kuti zatha. Mizere ija ilipobe koma yosazama, ndipo sanaibaye nkomwe. Nde mwaona mmene munthu alili, ndinapempha kuti awonjezere ina, mwinanso pansi pa maso. Anakana. Anati pansi pa maso khungu ndi lopyapyala, filler akakhala pamwamba kwambiri pamatupa kapena kuoneka kabuluu, ndipo filler nthawi zina amakhalitsa kuposa zolembedwa pabokosi ndiye kumangowonjezera ndi kumene kumabweretsa nkhope zofufuma zija. Ndinatuluka nditakhumudwa pang'ono, zoona.

Pano papita miyezi 9. Funso loti mukudwala lija linatha, mchemwali wanga anangoti wasintha tsitsi eti, ine eya. Tsaya lakumanzere layamba kuphwa msanga kuposa lakumanja, kaya nchifukwa ndimagonera komweko. Kakhadi kokhala ndi dzina la filler ndi nambala ya bokosi kali m'chikwama, mwezi watha ndinakaonetsa kwa dokotala wa mano asanandiyambe. Ndikabwereranso miyezi 12 ikakwana, ndipo nkhani ya pansi pa maso ija ndikaiyambitsanso.