Mmene Ndinakonzera Mawu a Gitala pa Kompyuta ya Kunyumba

Ndimakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba, ndipo ndimaimba gitala ya magetsi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Nditafuna kuti ndizijambula zigawo za gitala kunyumba n'kumatumizira anzanga kuti aziyeserera, ndinayamba ndi laputopu ya Windows komanso pulogalamu yaulere ya Audacity. Mavuto anabwera motsatizana, ndipo chimene chinandipulumutsa chinali kulondola njira imene mawu amadutsa, kuchokera pa nsambo mpaka m'khutu, n'kumasintha chinthu chimodzi chokha ndisanajambulenso.

Poyamba mawu ankatuluka ofooka ndiponso osamveka bwino, ngati munthu akuimbira m'chipinda china chitseko chili chotseka. Kebulo ya gitala ili ndi mutu wa mamilimita 6.35 pamene bowo la laputopu ndi la mamilimita 3.5, ndipo ngakhale kachitsulo kolumikizira ziwirizi kamalowa bwinobwino, bowolo analipangira maikolofoni ya m'mahedifoni. Ma pickup a gitala, tizipangizo timene timatola kunjenjemera kwa nsambo, amafuna polowera pa mphamvu yokana magetsi ya pafupifupi megaohm imodzi, ndipo akapanda kupapeza, mawu ang'ono ndi amene amayamba kutayika. Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamalumikizidwa pa USB ndipo kamakhala ndi batani lolembedwa kuti INST kapena Hi-Z lokonzera polowerapo kuti pagwirizane ndi gitala. Ndinakabwereka kaye kwa mnzanga amene amajambula makwaya, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi asanatulutse ndalama.

Nditakalumikiza, Audacity inangojambula mzere wowongoka, kusonyeza kuti mawu sankalowa. Apa panali zinthu zing'onozing'ono: Windows iyenera kulola mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni, kabokosiko kayenera kulumikizidwa pulogalamu isanatsegulidwe, ndipo dzina lake liyenera kusankhidwa pa batani la Audio Setup mu Audacity. Ndinasankhanso mono, chifukwa gitala imodzi ikajambulidwa pa stereo imamvekera khutu lakumanzere lokha.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali ndi kulira kwa mmmm kumene kunkamveka pansi pa nyimbo yonse. Magetsi a kuno ku Malawi ndi a 230 V ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho kulira kumeneku ndi liwu la magetsiwo likulowerera m'njira ya gitala. Funso linali lakuti likulowera pati. Ndinatsitsiratu voliyumu ya pa gitala, ndipo phokoso lina linatha koma lina linatsala, zomwe zinasonyeza kuti makomo ake anali awiri. Lotsalalo linasiya nditangozula chaja kuti laputopu iyendere batire, ndipo nditatsegula ekisitenshoni imene ndinkagwiritsa ntchito ndinapeza kuti inali ndi mawaya awiri okha, phini yachitatu ya pamwamba ija isanalumikizidwe ku chilichonse. Ndinagula ina ya mawaya atatu. Pano ndichenjeze mwamphamvu: pali ena amene amalangiza kuthyola phini imeneyi kuti phokoso lithe, koma ndi imene imakutetezani ku shoko, ndipo woimba gitala amakhala atagwira chitsulo nthawi yonse.

Phokoso linalo linkalowera pa ma pickup enieniwo, chifukwa a mtundu wa single coil amakoka chilichonse chamagetsi chimene chili pafupi. Ndinazimitsa getsi la chubu, ndinachotsa chaja ya foni patebulo, kenako ndinazungulira pang'onopang'ono pampando gitala ili pamiyendo mpaka nditapeza mbali imene phokoso limachepera. Mbali imeneyo ndinaika chizindikiro pansi. Nyengo ya mvula kuno kutsinde kwa phiri kumakhala chinyontho kwambiri, ndipo mitu ya makebulo imachita dzimbiri limene limayambitsa kuthetheka, choncho ndimaipukuta ndi kansalu kouma ndisanayambe. Zosefera phokoso za mu Audacity ndimazisiyira kumapeto, chifukwa kulira kwa 50 Hz (ka 50 pa sekondi kaja) kumabweranso pa 100 ndi pa 150, pamene nsambo yaikulu ya E ili pa 82, ndipo ukasefa kwambiri umadulanso thupi la mawu a gitalayo.

Kusweka kwa mawu sikunavute. Ndinamenya nsambo mwamphamvu monga ndimachitira pa kolasi, n'kutsitsa gain, kutanthauza mphamvu ya mawu olowa, mpaka mita yoyezera mawuwo ikuthera pakati pa -12 ndi -6 dB, chifukwa mawu amene afika pa 0 n'kuphwanyika sabwereranso ngakhale mutawatsitsa pambuyo pake.

Chomaliza chinali kuchedwa kwa mawu. Ndikakhudza nsambo, liwu linkafika m'mahedifoni mochedwerako, moti kusunga kagundidwe ka nyimbo kunali kosatheka. Kompyuta imasonkhanitsa kaye mawu m'timagulu isanawatulutse, ndipo mu Audacity nthawi imeneyi imabwera itaikidwa pa mamilisekondi 100. Kuichepetsa kwambiri pa laputopu yakale kumabweretsa kudukaduka, choncho ndinazimitsa kumvera kudzera m'pulogalamu n'kuyatsa batani la Direct Monitor pa kabokosi kaja, limene limatumiza gitala m'khutu isanalowe m'kompyuta. Mahedifoni a Bluetooth ndinawaika pambali chifukwa amawonjezera kuchedwa kwawokwawo. Pojambula gitala yachiwiri pamwamba pa yoyamba, ziwirizi sizinkagwirizanabe, ndiye ndinalumikiza kebulo kuchokera potulukira mawu kubwerera polowera, ndinajambula kugunda kwa metronome (kachipangizo kosunga kagundidwe ka nyimbo), ndinayeza mpata wa pakati pa kugunda koyambirira ndi kojambulidwako, ndipo nambala imene ndinapeza ndinailemba pa Latency compensation, malo okonzera kuchedwaku mu Audacity, ndi chizindikiro cha kuchotsera kutsogolo kwake.

Tsopano ndikamaliza ndimasunga ntchitoyo nthawi yomweyo, kenako ndimatulutsa fayilo ya mawu ya WAV yosunga ndekha ndi MP3 yotumizira a kwaya pa WhatsApp, popeza MP3 ndi yaing'ono ndipo siwathera bandulo.