Ati mwana wanga tinamuika mu bizinesi

Mnyamata wanga wakwanitsa zaka 6 mwezi wathawu. Mawu amene amayankhula ndi owerengeka, ukamuitana dzina nthawi zambiri satembenuka koma makutu ake ali bwinobwino, tinakayezetsa. Mvula ikamagwa pa malata, nde mukudziwa mmene imagwera kuno ku Mzuzu, amatseka makutu nkukabisala kuseri kwa mpando. Zitsekerero za mabotolo amazindandalika kuchokera pakhomo mpaka ku khitchini, wina angosuntha chimodzi basi kulira kwake mpaka madzulo. Ali ndi zaka 3 a dokotala anatiuza kuti ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza mmene mwana amayankhulira ndi kuchezera ndi anthu.

Ine dzinalo ndinali ndisanalimvepo, koma anthu kuno ku Chibavi anali atagamula kale nkhani. Ati bambo ake anamuika mu bizinesi, poti nthawi imeneyo anali atangogula njinga yamoto yachiwiri ya kabaza. Apongozi anandikhazika pansi nkundifunsa kuti amake mwana, munadya chani muli oyembekezera? Mayi wina ku tchalitchi anati ndi katemera wa chikuku. Usiku sindinkagona, ndinkangowerengera zonse zimene ndinachita miyezi 9 ija kufuna kupeza pomwe ndinalakwitsa.

Nde ndinayamba kugula bandulo nkumawerenga. Chinandikhudza koyamba nchakuti kuloza chala mayi sikunayambire kwathu kuno. Dokotala wa ku America Leo Kanner atalemba za ana 11 otere mu 1943, kwa zaka zambiri akatswiri ankati vuto ndi amayi osaonetsa chikondi kwa ana awo. Amayi anzathu anasenza mlandu umenewo popanda cholakwa. Zinasintha kwambiri mu 1977 pomwe ku Britain anafufuza mapasa, anapeza kuti mwa mapasa ofanana aja ochokera ku dzira limodzi, mmodzi akakhala ndi autism mnzakenso amakhala nayo kawirikawiri kuposa mmene zimakhalira ndi mapasa osafanana. Mu 2019 kafukufuku wina wa ana oposa 2 miliyoni m'maiko asanu anaonetsa kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a chiopsezo amachokera ku zimene mwana amatengera kwa makolo, ma gene. Si gene imodzi ayi, ndi ambirimbiri, ena ochokera kwa mayi ena kwa bambo, ndipo ena amangosintha okha pomwe mwana akupangika, makolo onse alibe.

Zina ziliponso zomwe zimaonjezera chiopsezo, monga mwana kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa sikelo kwambiri, kubanika pobadwa, mayi kukhala ndi shuga ali woyembekezera kapena kudwala rubella (matenda ofanana ndi chikuku), makolo kubereka atakula, bambonso ali momwemo. Mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate nawonso amatchulidwa akamwedwa mayi ali ndi pakati, koma chonde amayi amene mumamwa mankhwalawa musasiye panokha, kambiranani ndi a dokotala musanatenge mimba. Zonsezi zimangokweza mpata, ana ambiri obadwa masiku osakwana alibe autism. Wangayu anabadwa pa nthawi yake, makilo 3.

Za katemera ndizimene zimandipweteka kwambiri coz ndaona mnzanga akubisa mwana wake tsiku la sikelo ataona wanga. Mphekesera imeneyi inayamba mu 1998 ndi dokotala wa ku London Andrew Wakefield, anayang'ana ana 12 okha, kenako zinadziwika kuti anachita zachinyengo, magazini ya The Lancet inachotsa lipoti lakelo mu 2010 ndipo iye analetsedwa kugwira ntchito ya udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000 osapeza kugwirizana kulikonse. Chomwe chimasokoneza anthu nchakuti katemera wachiwiri wa chikuku amabayidwa mwana ali ndi miyezi 15, nthawi yomweyo yomwe kholo limayamba kuona kuti mwanayu sakuloza zinthu, sakuyang'ana m'maso. Koma ubongo wake unali utayamba kale kukula mwa njira yake ali m'mimba. Chikuku chimapha ana, musachiseweretse.

Tili ndi pulani ya mwana wachiwiri ndipo ndikudziwa kuti mwa ang'ono ake a ana otere, pafupifupi mmodzi mwa asanu amakhalanso ndi autism. Mantha ndili nawo, sindinama. Koma ndi mantha a chinthu chomwe ndikuchidziwa dzina, osati aja okhala ukukayikira aneba kuti ndani wakulodza.

Sabata yatha apongozi anabwera kuchokera ku Ekwendeni. Anakhala pa mkeka nthawi yaitali akumuyang'ana mdzukulu wawo akundandalika zitsekerero zake, kenako anati malemu achimwene awo ankachita zomwezi ndi zitsononkho za chimanga ali mwana, ndipo anayamba kuyankhula ali ndi zaka 7. Sananenenso za zomwe ndinadya. Anatola chitsekerero chomwe chinagwera pansi pa tebulo nkumuikira pafupi ndi dzanja, iye anachitenga osawayang'ana nkuchiika kumapeto kwa mzere.